Mpira wa m'holo ndi mwana wa zaka zitatu: mupite naye kuti?

Tsiku loyamba kupita ndi mwana wanga wamkazi kukaonera mpira wa m'holo, anali ndi zaka zitatu ndi miyezi ingapo. Ndinagula mipando imene ndinkaiona ngati yabwino koposa: mzere wachiwiri kuchokera kutsogolo, pakati penipeni. Atazimitsa magetsi kuti osewera alowe, nyimbo zinaphulika m'masipika, ndipo chigoli choyamba chitalowa analiza chilipenga chija chogwedeza ndi nthiti zomwe. Mwana anandikwera pachifuwa, zikhatho kumakutu, amvekere, "Ababa, tiyeni kwathu." Kuti tifike pamasitepe tinadzutsa anthu khumi ndi awiri, wina n'kumutayira chakumwa pabondo. Mpira umene ndinaonera usiku umenewo sunakwane mphindi khumi, koma ndinali nditalipira wonse.

Ndinasankha masewero ndi mpando ngati munthu wopita yekha, ndipo m'pamene ndinalakwitsa. Chimene timachitcha mpira wa m'holo chili mitundumitundu. Pali futsal, pali mpira wa makoma woseweredwa m'mabwalo a hockey ya pa ayezi, pali mpira wa Chimereka wa m'holo, ndiponso masewero a ana asukulu ndi a magulu ongosewera chifukwa chokonda. Munthu wamkulu angasangalale nazo zonse, koma kwa mwana wosakwana zaka zisanu ndi ziwiri zimasiyana kutalitali.

Zoyeza musanagule tikiti

Mtengo muziuwerengera pamodzi ndi mwayi woti mutuluka masewero asanathe. Tikiti yodula imamanga kholo miyendo. Mwana akulira, inu mumtima mukuwerenga ndalama zimene mwataya, n'kumamunyengerera kuti apirire pang'ono. Komanso malamulo a ana olowa ulere amasiyana holo ndi holo: kwina wokhala pamiyendo salipira mpaka zaka ziwiri, kwina aliyense wolowa pakhomo amafuna tikiti yake. Safunsa anadya phula.

Pa kupezeka kwake, chachikulu ndi ola loyambira. Mwana wa zaka zitatu mpaka zisanu amafunika tulo ta maola 10 mpaka 13 pa tsiku, ndipo masewero oyamba usiku amatha iye atadutsa kale nthawi yake yogona.

Ntchito ya kholo ndi zonse zimene mudzachite kuti mwana akhazikike: kumunyamula, kupita naye kuchimbudzi, kumusintha thewera, kuyendayenda naye. Malangizo a bungwe la WHO a mu 2019 amati mwana wosakwana zaka zisanu asamangiriridwe malo amodzi kupitirira ola limodzi, kaya ndi pampando kaya kumsana. Masewero a maola awiri ndi theka ndiye kuti mudzaimirira kangapo, mufune musafune.

Pa zoopsa, anthu amaganiza za mpira wouluka, koma chachikulu ndi phokoso. Pabwalo la panja mawu amabalalika m'mwamba, pamene m'holo denga ndi makoma zimawabwezera m'makutu. Bungwe la NIOSH la ku United States, loona za chitetezo cha anthu pantchito, limati munthu wamkulu asapitirire maola 8 m'phokoso la madesibelo 85 (madesibelo ndi muyezo wa mphamvu ya phokoso), ndipo likakwera ndi madesibelo atatu okha nthawiyo imadulidwa pakati: pa 88 ndi maola anayi, pa 91 ndi maola awiri, pa 100 ndi mphindi 15 zokha. Amenewo ndi malire a akuluakulu, a ana ndi otsikirapo. Simufunika makina kuti mudziwe. Ngati mukuchita kukuwa kuti munthu amene mungamufikire ndi dzanja akumveni, phokosolo lafika kale poipa. Mankhwala ake ndi zotchingira makutu zovala kumutu, zija zooneka ngati mahedifoni. Tija tofinyira m'khutu n'tosayenera kwa mwana wamng'ono chifukwa amatitulutsa n'kutiika m'kamwa, ndipo tingamutsamwe. Zovala kumutuzo azizolowere kunyumba masiku angapo, chifukwa mukadzamuveka koyamba lipenga likulira adzazivula n'kuzitaya pansi pa mipando.

Futsal wa ligi

Futsal anayamba mu 1930 ku Montevideo, m'dziko la Uruguay, ndi mphunzitsi Juan Carlos Ceriani, amene ankafuna mpira wokwana m'holo za bungwe la achinyamata la YMCA. Timu imakhala ya osewera asanu kuphatikizapo goloboyi, ndipo bwalo la masewero a mayiko ndi la mamita 38 mpaka 42 m'litali, 20 mpaka 25 m'lifupi.

Mtengo. Mwa masewero atatu a akatswiri, awa ndi amene kawirikawiri amakhala otsika, kupatula fainali kapena matimu aakulu a mzinda umodzi akakumana. Kutuluka pa nthawi yopumulira sikupweteka mtima kwenikweni.

Kupezeka kwake. Futsal ali m'mayiko ambiri kuposa mitundu ina iwiri ya akatswiri. Ndi wamphamvu ku Brazil, Spain, Portugal, Argentina ndi Iran, ndipo Morocco yatenga chikho cha Africa katatu motsatizana, mu 2016, 2020 ndi 2024. Chikho cha dziko lonse cha FIFA chinayamba mu 1989 ku Netherlands, ndipo cha 2024 ku Uzbekistan chinapita ku Brazil kachisanu ndi chimodzi. Makalabu ena odziwika pa mpira wa panja, monga Barcelona, Benfica ndi Sporting, ali ndi matimu a futsal, choncho mwana amaona yunifomu imene amaidziwa kale koma ali pafupi moti amamva nsapato zikulira pansi.

Ntchito ya kholo. Apa m'pamene futsal amapambana. Zigawo ndi ziwiri za mphindi 20, wotchi imaima mpira ukaima, ndipo kupumulira sikupitirira mphindi 15. Zonse pamodzi zimatha m'kati mwa ola ndi theka kapena kuchepera. Mpira ukatuluka, wosewera ali ndi masekondi anayi okha oti aubwezere, motero palibe zija zoti anthu aima n'kumakambirana mwana akuyasamula. Bwalo lonse limakwana m'maso mwake popanda kumulozera. Wanga chimene chinamusangalatsa koposa n'choti timu yogonja, mphindi zitatsala pang'ono, inachotsa goloboyi n'kulowetsa wosewera wa kutsogolo, pagolo n'kutsala pululu. Anaimirira pampando n'kumakuwa kuti, "Palibe munthu! Palibe munthu!" ngati akuwatsina khutu anzawo aja. Chovuta n'choti maholo ambiri a futsal ndi akale: mabenchi opanda choyedzamira, ndipo posinthira thewera, makamaka kuchimbudzi cha abambo, n'posowa.

Zoopsa. Bwalo la futsal lilibe khoma. Mpira wake sudumpha kwambiri (ukaponyedwa kuchokera pa mamita awiri umabwerera masentimita 50 mpaka 65 okha) ndipo umamveka wolimba ukakumenya. Golo ndi la mamita atatu m'lifupi, awiri m'mwamba, ndiye mipira yophonya ndi yambiri. Kuseri kwa golo musakhaleko ndi mwana pokhapokha pali ukonde. Phokoso limachokera kwa ochemerera, makamaka ng'oma, ndipo ubwino wake ng'oma zimakhala mbali imodzi. Zioneni pamene zili, inu mukhale tsidya linalo.

Mpira wa makoma

Uwu umaseweredwa pa udzu wochita kupanga woyalidwa m'bwalo la hockey, pafupifupi mamita 61 m'litali ndi 26 m'lifupi, osewera asanu ndi mmodzi mbali iliyonse. Mpira umagunda khoma n'kubwerera, masewero n'kumapitirira.

Mtengo. Wapakati, koma maholo ake ndi aakulu ndipo ndalama zimathera pa zina: koimika galimoto, zakumwa, zidole zimene amaziyendetsa dala pamaso pa ana. Maholo ambiri salola kulowa ndi chakudya chochokera kunja, ngakhale cha khanda nthawi zambiri amachilola.

Kupezeka kwake. Ligi yaikulu ndi Major Arena Soccer League, ya ku United States, imene matimu a ku Mexico anaseweramonso m'zaka zam'mbuyomu. Muli matimu akale monga Milwaukee Wave, Baltimore Blast ndi San Diego Sockers. Nyengo yake ndi miyezi yozizira ya kumeneko, kuyambira kumapeto kwa chaka mpaka cha mu April. Kunja kwa North America mpira wa makoma ulipo, koma kawirikawiri ndi wa magulu ongosangalala.

Ntchito ya kholo. Zigawo ndi zinayi za mphindi 15, ndiye kuti muli ndi mipata itatu yotulukira m'malo mwa umodzi. Zimbudzi n'zambiri, makonde ndi otakasuka moti mwana wotopa angathamangemo, ndipo maholo ena ali ndi chipinda chachete cha ana osachedwa kusokonezeka ndi phokoso. Mbali inayo, masewero amatenga pafupifupi maola awiri, pakhomo amasecha zikwama (kwina amafuna zooneka m'kati), ndipo kangolo kokankhira mwana sikaloledwa kumipando. Tengani juzi. M'maholo amene amaseweramonso hockey, udzu umayalidwa pamatabwa ophimba ayezi, ndipo kuzizira kumakwera kumizere ya pansi. Ana okulirapo amakonda khadi ya buluu, imene imatumiza wolakwa kukakhala m'kachipinda kwa mphindi ziwiri. Chilango chimenecho amachimvetsa popanda kuwafotokozera.

Zoopsa. Khoma ndi magalasi zimatchinga mipira yambiri ya pansi, ngakhale yokwera imadumphabe. Phokoso ndiye lochita kukonza: nyimbo zimalira mpira uli m'kati, woulutsa amakuwa pa maikolofoni, chigoli chilichonse chili ndi lipenga lake, ndipo zigoli zimachuluka. Simungalithawe posintha mpando chifukwa masipika ali padenga ponse.

Mpira wa Chimereka wa m'holo

Jim Foster anauganiza mu 1981 akuonera mpira wa makoma ku Madison Square Garden, ku New York, n'kujambula maganizo ake pa envelopu. Ligi ya Arena Football League inayamba mu 1987. Bwalo ndi la mayadi 50, pafupifupi mamita 46, theka la bwalo la panja, ndipo osewera ndi asanu ndi atatu mbali iliyonse, ovala zipewa zolimba.

Mtengo. Ukayerekeza ndi NFL, ligi yaikulu ya mpira wa Chimereka wa panja, ndi wotsika kwambiri, ndipo n'chifukwa chake mabanja ambiri ku America amayambira kuno. Mipando yodula ndi ya mzere woyamba, imene ndiyonso yosayenera mwana wamng'ono. Chenjerani ndi matikiti a chaka chonse. Matimu ndi maligi a masewerowa amabadwa n'kufa kawirikawiri, ndipo Arena Football League yeniyeniyo inagwa ndi ngongole mu 2019. Gulani masewero amodzi amodzi.

Kupezeka kwake. Ndi wa ku United States basi, tingotero. Indoor Football League, imene inapangidwa mu 2008, ili ndi matimu monga Arizona Rattlers, Green Bay Blizzard ndi Iowa Barnstormers, ndipo imasewera kuyambira cha mu March mpaka cha mu August. Masewero ambiri amakhala madzulo kapena usiku kumapeto kwa sabata.

Ntchito ya kholo. Yolemetsa kuposa ina yonse. Zigawo zinayi za mphindi 15 zimafutukuka kufika maola awiri ndi theka kapena kuposa, chifukwa mpira wa Chimereka ndi woima n'kuyamba, woima n'kuyamba. Mwana wa zaka zitatu amangoona anthu akugwerana mulu, kudzuka, kuima mozungulira, n'kugweranso. Nthawi zambiri mpirawo sauona n'komwe. Mipata yonse amaidzaza ndi ovina, mipikisano, malaya oponyedwa kumipando ndi munthu wovala ngati nyama ya timu, zimene mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi amazikonda kuposa masewerowo, pamene wa zaka ziwiri akaona chinyamacho chikubwera amabisala m'khwapa mwanu. Matimu ambiri amalola ochemerera kutsikira pabwalo masewero akatha kuti akapereke moni kwa osewera. N'chinthu chokoma, koma chimabwera pa nthawi imene mwana wanu wagona kale paphewa, malovu akutsikira m'kolala yanu.

Zoopsa. M'mbali mwa bwalo mulibe galasi, muli kakhoma kofewetsedwa kofika cha m'chiuno, pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 20. Osewera othamanga amagunda kakhomako, nthawi zina n'kupidigukira pa anthu a mzere woyamba. Munthu wa makilogalamu oposa zana, ndi chipewa chake cholimba, akagwera pamiyendo yanu pali khanda, si nkhani yoseka. Palinso mwambo m'maligi ambiri woti mpira ukalowa kumipando, wougwira ndi wake. Zikatero amuna akuluakulu amaulumphira osayang'ana kuti pansi pali ndani. Kwerani mizere khumi kapena kuposa. Phokoso ndi lalikulu kuposa kwina konse, ndipo matimu ena amawonjezera moto ndi utsi osewera akamalowa. Mungachedwe dala n'kulowa zimenezo zitadutsa.

Masewero a ana asukulu ndi magulu ongosangalala

Mtengo. Kawirikawiri ndi ulere kapena kangachepe ka pakhomo. Mukatuluka patatha mphindi khumi palibe chimene mwaluza.

Kupezeka kwake. Kulikonse kumene kuli holo ya sukulu kapena malo a masewero. Vuto ndi kudziwa tsiku ndi ola, chifukwa salengeza patali ndipo amasintha osauza munthu. Funsani woyang'anira holoyo, kenako mufunsenso m'mawa wa tsikulo. Sukulu zina sizilola alendo osadziwika pa masewero a ana, ndiponso kujambula ana a eni ake sikuloledwa m'malo ambiri.

Ntchito ya kholo. Masewero ndi aafupi, ndipo pa tsiku la mpikisano amatsatizana, choncho mumalowa ndi kutuluka mmene mukufunira. Magetsi sazimitsidwa. Mwana akafuna kuyenda mumatuluka naye n'kubweranso popanda wokufunsani tikiti. Koma mlonda ndinu nokha, ndipo madzi, matewera ndi poyala posinthira muyenera kubwera nazo.

Zoopsa. Pakati pa benchi ndi bwalo pali mzere wa penti basi. Mwana wa zaka ziwiri akaona mpira ukugubuduka kubwera kwa iye amaganiza kuti amuitana, ndipo amalowa liwiro pamene achinyamata akubwera chothamanga. Muzimukhazika pamiyendo kapena mukwere naye benchi yachitatu. Zitseko za maholo oterewa zimakhala zotsegula ndipo zina zimatulukira poimika magalimoto. Anthu a chithandizo choyamba sapezeka nthawi zonse. China chimene sindinachiyembekezere ndi pakamwa pa akuluakulu. M'holo yachete, mawu amene bambo wina wamulalatira woyimbira amamveka mbali zonse, ndipo mwana wanu adzawabwereza kunyumba pa nthawi ya chakudya, alendo alipo.

Ndiye ndani apite kuti?

Khanda losakwana chaka silipindula kanthu ndi masewero alionse mwa amenewa. Ngati palibe womusiyira, pitani kuholo yaing'ono, khalani pafupi ndi khomo, makutu ake atatchingidwa. Kumaholo a malipenga musapite nalo.

Wa zaka ziwiri mpaka zinayi ayambire pa masewero aulere aja. Kumeneko mudziwa ngati amatha kukhala mphindi makumi awiri, ngati wezulo imamuopsa, ngati amalola zotchingira makutu. Akapirira kawiri kapena katatu, mupite naye ku futsal wa ligi, masana ngati alipo, pa masewero osakhala fainali. Wanga anabwerera ku mpira kudzera njira imeneyi, patatha miyezi ingapo akukana ngakhale kumva dzina la holo.

Wa zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri amene amatsatira kale mpira angathe mpira wa makoma, ndipo ngati muli ku United States m'miyezi yake, wa Chimereka uja. Mugwirizane muli kunyumba kuti mutuluka chigawo chachitatu chikatha. Mukatero mupewa khamu la pakhomo, ndipo kutulukako sakuona ngati chilango.

Kholo limodzi ndi ana awiri aang'ono lisankhe futsal kapena holo ya sukulu. M'holo yaikulu, mmodzi akafuna kuchimbudzi mumanyamula onse ndi zikwama zomwe, kutsika masitepe otsetsereka mumdima. Kulikonse kumene mwasankha, gulani mipando ya kumapeto kwa mzere, moyandikana ndi masitepe, ndipo inu mukhale kunjako kuti mwana asatuluke osakudutsani. Pakhomo mjambuleni chithunzi ndi zovala zimene wavala tsikulo, lembani nambala ya foni yanu pamkono pake, n'kumuonetsa yunifomu ya ogwira ntchito m'holomo kuti akasochera adziwe wothamangira.

Mwana amene amavutika ndi phokoso ladzidzidzi kapena magetsi othwanima, futsal wopanda ng'oma ndiye malire ake. Ngati abale ake akukakamira holo yaikulu, imbani foni kaye mufunse za chipinda chachete, ngati amazimitsa magetsi poyamba, ndiponso ngati amalola kutuluka n'kulowanso ndi tikiti yomweyo, chifukwa maholo ambiri aakulu salola.

Ndipo ngati ndinu amene mukufunitsitsa kuonera masewerowo mpaka wezulo yomaliza, chifukwa ndi fainali kapena timu yanu yafika poti ipulumuke, pezani womusiyira mwana usiku umenewo. Loweruka linalo mupite naye kuholo ya sukulu, akaone ana okulirapo pang'ono akuthamangitsa mpira pafupi ndi mapazi ake.